Phala Lisanakhale Thobwa

Mzinda wa Livingstone uli pamtunda wa mchenga, makilomita 10 kumpoto kwa mathithi aakulu a Mosi-oa-Tunya. Azungu oyamba adamanga m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi, pamalo otchedwa Old Drift, koma malungo adawasautsa kwambiri. Mlatho wa njanji utatha kumangidwa m'chaka cha 1905, anthu adasamukira kumtunda kumene kuli mzinda lero. Kuyambira 1911 kufikira 1935 mzindawu ndiwo unali likulu la Northern Rhodesia, boma lisanapite ku Lusaka. M'misewu yake mumamveka Chitonga, Chilozi ndi Chinyanja, pakuti njanji ndi ntchito zidaitana anthu a mitundu yambiri.

M'dera lina la mzindawu, lotchedwa Highlands, munali mnyamata wa zaka 13 amene anali kuphunzira Giredi 7 m'chaka cha 2024. Ankakhala ndi atate wake, amake, ndi ambuya ake obala amake, amene adachokera ku Katete atakalamba. Mnyamatayo anali wanzeru, koma anali ndi chilema chimodzi: anali waphuma. Samu ikamkanika kawiri, ankakankha buku nati funsolo nlolakwika. Akatumidwa kukathirira ndiwo kuseri kwa nyumba, ankakhuthula ndowa yonse pa phando limodzi kuti athane nazo msanga. Ambuya ake ankangomuyang'ana, napukusa mutu, nati, "Kuona maso a nkhono nkudekha." Iye ankayesa kuti amenewo ndi mau chabe a anthu okalamba.

Atate wake adampatsa foni yao yakale, yong'aluka galasi pangodya, namuikira lamulo lakuti aziigwira Lachisanu madzulo ndi Loweruka pokha, ntchito za pakhomo ndi za kusukulu zitatha. Pa foniyo ankasewera masewera otchedwa Minecraft. Adawayamba munthu wa ku Sweden, dzina lake Markus Persson, m'chaka cha 2009. Mu 2014 kampani ya Microsoft idawagula ndi madola 2.5 biliyoni, ndipo pofika 2023 anali atagulidwa koposa ka 300 miliyoni pa dziko lonse.

M'masewerawa mapiri, mitsinje, mitengo ndi nyama, zonse nzomangidwa ndi zidutswa zonga njerwa. Wosewera amalowamo chimanjamanja, ndipo chiri chonse chimene afuna ayenera kudzipangira yekha. Amadula mtengo, nacheka matabwa, nakhoma tebulo la mmisiri. Pa tebulolo pali timabokosi 9, titatu m'litali ndi titatu m'mimba mwake. Akaika miyala itatu pamzere wa pamwamba, ndi timitengo tiwiri pakati motsetsereka, pamatuluka piki yokumbira. Akasokoneza kaikidwe, pamatuluka chinthu china kapena sipatuluka kanthu. M'zaka zoyamba, osewera pa kompyuta ankangoyesa okha ndi kuuzana, mpaka mu 2017 eni ake adaikamo buku losonyeza kapangidwe ka zipangizo. Koma ntchito imodzi sadailembe m'bukumo, ndiyo ya kufulula mankhwala akumwa, opatsa wosewera mphamvu, liwiro kapena machiritso.

Mnyamatayo sankasewera yekha. Loweruka liri lonse ankakomana pa intaneti ndi msuweni wake wamkazi wa ku Lusaka, ndi bwenzi lake limene lidasamukira ku Chipata. Alipo masewera ena a pa intaneti, monga RuneScape a mu 2001 ndi World of Warcraft a mu 2004, m'mene munthu ali yense amasankha udindo wake, wina wankhondo, wina wosula, wina wa mankhwala. Ana atatuwa anatengera mwambo womwewo. Msuweni anali mlenje wolimbana ndi zirombo, wa ku Chipata anali womanga, ndipo wa ku Highlands anadzisankhira yekha udindo wofulula, poyesa kuti ndiwo wopepuka.

Tsiku loyamba lomwe anapangana pangano. Pa intaneti pali anthu ambiri amene adalemba ndi kujambula mayankho a zinsinsi zonse za masewerawa, ndipo wofuna kudziwa angathe kupeza yankho m'kamphindi. Anawa anati, "Tikatero tidzakhala ngati mlenje wogula nyama pamsika nabwera nayo pamudzi akuimba nyimbo za uzimba. Pasapezeke wina wosuzumira. Chimene tidzadziwa, tidzachidziwa ndi manja athu." Onse anavomera, ndipo amene anavomera mofuula kuposa anzake anali mnyamata wa ku Highlands.

Pansi pa dziko la masewerawa pali dziko lina lotchedwa Nether, lamdima ndi lamoto. Kumeneko kulibe mitsinje ya madzi, koma nyanja za chiphalaphala chotentha, ndipo madzi akathiridwa pansi amauma pomwepo. Wogwera m'chiphalaphala amafa, ndi katundu amene wanyamula amapsa. Anawa atalowako anapeza linga lakale, natengamo timitengo ta moto topangira chofululira, ndi kabowa kofiira komera pafupi ndi makwerero, kotchedwa Nether Wart. Patsidya pa nyanja ya moto anaona bwinja lalikulu la miyala yakuda, m'mene mumakhala mabokosi a chuma, ndipo mitima yao inakhumba kukafikako.

Tsiku lina msuweni anaponyera golide zolengedwa zina za kumeneko, zonga nkhumba zoyenda ndi miyendo iwiri, zimene zimasinthanitsa golide ndi katundu. Chimodzi chinamponyera botolo la mankhwala a mtundu wa lalanje. Atamwa anaterereka nagwera m'chiphalaphala, koma sanapse, anasambira natulukamo wamoyo. Pamenepo onse atatu anadziwa kuti mankhwala oletsa moto alipo. Chimene sanadziwe ndicho kafululidwe kake. Msuweni anasaka masabata awiri, napha zirombo zodumphadumpha zonga makala oyaka, napeza timibulu tinai ta mafuta a moto otchedwa Magma Cream. Anatipereka kwa wofulula nati, "Ndavutika nato. Usatitaye."

Chofululira chiri ndi malo atatu oikapo mabotolo pansi, ndi malo amodzi pamwamba oikapo chosakaniza. Nkhuni zake ndi ufa wa timitengo ta moto tija, ndipo kufulula kumodzi kumatha masekondi 20. Mnyamatayo anaganiza motere: mafutawa achokera ku chirombo cha moto, tsono ndiwo oletsa moto. Maganizo amenewa sanali oipa. Anatunga madzi a mumtsinje m'mabotolo atatu, naika kambulu kamodzi pamwamba, nadikira. Thovu linawira, mafuta anatha, koma mabotolo anakhala a mtundu wa madzi monga kale. Pa botolo panalembedwa kuti Mundane Potion, ndi mau ena onena kuti mankhwalawo alibe mphamvu iri yonse.

Apa mpamene phuma linamgwira. Anati mwina madzi a mumtsinje ngoipa, natunga a m'nyanja, naika kambulu kachiwiri. Zinatuluka zomwezo. Anati kapena afunika madzi a mvula, naika kachitatu. Zomwezonso. Atapsa mtima anayamba kuponyamo chiri chonse chimene chinali m'bokosi: shuga, diso la kangaude, fumbi lofiira la m'migodi, fumbi lowala la ku Nether, ndi kabowa kofiira kaja. Botolo liri lonse ankalimwa, naona kuti palibe chachitika, nataya otsalawo. Sanalembe kanthu, ndipo dzuwa polowa sanathe kukumbukira bwino chimene anayesa ndi chimene sanayese.

Tsiku lomwelo wa ku Chipata, atatopa ndi kudikira, anayamba kumanga mlatho pamwamba pa nyanja ya moto. Ali pakati, chirombo chouluka chinamlasa ndi mpira wa moto, nagwa, ndipo piki yake ya dayamondi, imene adaigwirira ntchito mwezi wathunthu, inapsa. Msuweni atamva kuti mwa timibulu tinai tija mwatsala kamodzi, analemba mau owawa. Anati, "Loweruka likudzali ukalephera, udindowo tipatsa wina. Ndipo pangano lija lithe, tikaone mayankho ngati ana ena onse." Mnyamatayo sanayankhe. Manyazi anamgwira, pakuti anadziwa kuti mau a msuweniyo anali oona.

Chaka chimenecho chinali cha chilala. Mvula inakana m'madera ambiri a Zambia, chimanga chinauma m'minda, ndipo madzi a m'nyanja ya Kariba, amene amatembenuza makina opanga magetsi, anatsika kwambiri. Magetsi ankazima maola ambiri tsiku liri lonse, ndipo nthawi yake inkasiyana mzinda ndi mzinda. Kuti ana atatu a ku Livingstone, ku Lusaka ndi ku Chipata akhale onse ndi moto m'mafoni pa ola limodzi, chinali chinthu chamwai. Mnyamatayo anadziwa kuti Loweruka lotsatira adzakhala ndi ola limodzi kapena awiri, ndi kambulu kamodzi ka mafuta, basi.

Lachinai madzulo, pobwera kusukulu, anapeza ambuya ake ali kukhonde la kuseri, atasonkha makala pa mbaula, atateleka mphika waukulu. Alendo ochokera kumudzi anali kudza Loweruka, ndipo ambuya anakana kuwalandira ndi zakumwa za m'mabotolo. Ku msika wa Maramba amai a Chitonga amagulitsa chibwantu chao chothira mizu ya munkoyo, ndipo ambuya ankachiyamikira, koma ankati mlendo wa ku Katete alandiridwe ndi thobwa. Anamuitana nati, "Amunanga, bwerani mudzandigwirire mthiko, mkono wanga watopa." Ndimo m'mene ankamuitanira akafuna kumseka, monga achitira agogo ndi adzukulu ao.

Mnyamatayo anatakasa phala la mgaiwa kufikira linapsa, ndipo anathandizana kuliphula. Pambali panali lichero la ufa wa chimera, wofiirira, wonunkhira bwino. Iye anatapa ufawo kuti authire pomwepo, koma ambuya anamgwira dzanja.

"Leka! Ufuna kundiphera chimera changa?"

"Nanga si ndicho chikometsa thobwa, Ambuya?"

"Ndicho, koma chiri ndi nthawi yake. Khala pansi."

Anakhala pansi nadikira, ndipo kwa iye nthawiyo inatalika ngati chaka. Pofuna kudzisangalatsa anatapa phalalo ndi supuni nalawa, nakwinya nkhope. "Ambuya, ili ndi phala wamba. Lilibe kukoma konse. Kapena mwalakwitsa?"

Ambuya anaseka mpaka kutsokomola. "Mdzukulu wanga, phala losakomali ndilo make wa thobwa. Ukalitaya chifukwa silikoma, chimera udzachithira m'chiani? M'madzi? Thira m'madzi uone ngati alendo adzamwa."

Tsono anamfotokozera kuyambira pachiyambi. Mawere amaviikidwa m'madzi, nafundikidwa ndi masaka kufikira atamera timizu, nayanikidwa padzuwa, nasinjidwa: chimenecho ndicho chimera. Phala limaphikidwa lokha, niliphulidwa, nilisiyidwa kuti lipole kufikira chala chingathe kukhalamo osapsa. Pamenepo mpamene chimera chimathiridwa. Mphika umavundikiridwa nugona usiku, ndipo m'mawa umabwezedwa pamoto kuti uwire. Anamuuzanso za utsikana wao, kuti tsiku lina amai ao atapita kumaliro, iwo anathira chimera cha nsengwa yathunthu m'phala liri gwadugwadu pamoto, pofuna kuti ntchito ithe msanga. M'mawa anapeza phala liri chilimbire, losatsekemera, ndipo anthu olima m'munda mwao tsiku limenelo anamwa madzi okha. "Chimera chinali chabwino, ufa unali wabwino," anatero ambuya. "Cholakwa chinali chimodzi: ndidadumpha pakati."

Ataviika chala m'phala kachitatu, anati lapola. Koma sanathire chimera mumphika. Anayamba atapa phala pang'ono m'kapu, nawazamo kachimera, natakasa, nadikira. Posachedwa phala la m'kapumo linayamba kusungunuka. Mnyamatayo anafunsa chifukwa chake, ndipo iwo anati, "Chimerachi nchogula, sindinachimeretse ndine. Chimene sindichidziwa ndimayamba kuchiyesa m'kapu. Kapu ikaonongeka ndataya pang'ono, mphika ukaonongeka ndataya zonse."

Zimene ambuya adaphunzira kwa amai ao, anthu a sayansi adazifufuza nazipatsa maina. Mbeu ikayamba kumera imapanga timphamvu tina totchedwa maenzaimu, timene timaphwanya chakudya chosungidwa m'mbeumo kuti chisanduke shuga wodyetsa mmera. Chimera chikalowa m'phala lofunda, timphamvuto timagwira ntchito yomweyo pa ufa wophikidwa, ndipo nchifukwa chake phala limasungunuka nilitsekemera popanda kuthira shuga. Koma kutentha kwa madzi owira kumationonga, ndipo ufa wosaphika timauphwanya movutika. M'chaka cha 1833 anthu awiri a ku France, Anselme Payen ndi Jean-François Persoz, adapatula mphamvu imeneyi m'chimera cha barele naitcha diastase. Amai a m'midzi anali atadziwa kale kagwiritsidwe kake, chala chao ndicho chinali choyezera kutentha.

Ambuya anaona kuti mdzukulu wao wangoti duu, maso ali pa kapu. Anamfunsa chimene chinali kumdya mumtima sabata yonseyo, ndipo iye anaulula kuti walephera kufulula mankhwala. Nkhope ya ambuya inasintha. "Mankhwala otani? Wayamba kuyenda ndi yani?" Mnyamatayo anafulumira kufotokoza kuti nza m'masewera a pa foni, zosagwirika ndi manja, ndipo atalongosola zonse mtima wao unakhala pansi. Za mafoni sanazidziwe, koma za mphika anazidziwa, tsono anafunsa funso limodzi lokha.

"Zolephera zakozo, kodi zonse zinalephera mofanana?"

Iye anatsegula pakamwa kuti avomere, koma anaima. Anakumbukira kuti mabotolo onse anali a mtundu wa madzi, onse opanda mphamvu, koma maina ao sanali amodzi. Anathamangira m'nyumba natenga buku lakale la masamu lotsala masamba, nalemba mizere iwiri, wina wa chimene adathira, wina wa chimene chidatuluka. Mafuta a moto, shuga, diso la kangaude ndi fumbi lofiira, zonse zidabala dzina limodzi lija la Mundane. Fumbi lowala lidabala Thick. Kabowa kofiira kadabala Awkward. Anatsegula buku lomasulira mau a Chingerezi, napeza kuti loyamba litanthauza chinthu wamba, lachiwiri cholimba ngati phala, lachitatu chosalongosoka. Anadzifunsa kuti, ngati zonse nzotayika, eni masewera adavutikiranji kuzipatsa maina atatu? Kapena limodzi mwa mabotolowo silinali lolephera konse. Kapena linali phala lodikira chimera, ndipo iye adalitaya.

Koma liti mwa awiriwo, Thick kapena Awkward? Kambulu kanali kamodzi, ndipo mtima wake unali kugunda ndi mantha a kulakwanso.

Lachisanu usiku magetsi anabwera, ndipo atate wake anampatsa foni. Ali yekha m'chipinda anatsegula malo ofunsira mafunso pa intaneti, nayamba kulemba. Palibe akadamuona. Mawa lake akadafulula mankhwalawo pamaso pa anzake, iwo nkumutama kuti ngwanzeru. Analemba mau atatu, chala chiri kunjenjemera. Kufunsa si tchimo, ndipo akulu adati safunsa adadya phula. Akadauza anzake poyera kuti zandikanika, tiyeni tifunse, sipakadakhala choipa. Koma kusuzumira mobisa ndi kudzionetsa ngati wadzipezera yekha, kumeneko kukadakhala kunamiza msuweni amene adasaka masabata awiri, ndi bwenzi limene lidataya piki yake posunga pangano lomwelo. Anafafaniza mau aja limodzi limodzi, naika foni patebulo, natenga buku lake, nalemba zimene adzachita mawa mwa dongosolo lake.

Loweruka masana alendo ali kumwa thobwa pakhonde, ana atatu aja anakomana. Msuweni anafunsa ngati wapeza yankho. Iye anati, "Sindinapeze, koma ndapeza njira yofunsira. Mundipatse mphindi zisanu, ndipo mafuta ako sindiwakhudza kufikira nditatsimikiza."

Anafulula botolo limodzi la Mundane, limodzi la Thick, ndi limodzi la Awkward. Atatha anaika onse atatu pamodzi m'chofululira, lina kumanzere, lina pakati, lina kumanja. Pamwamba sanaike mafuta a moto. Anaika shuga, pakuti mizimbe inali yambiri m'mphepete mwa mtsinje wao, ndipo kutaya shuga sikukadaliza munthu. Imeneyi ndiyo inali kapu yake. Chosakaniza chinali chimodzi, moto umodzi, nthawi imodzi, chosiyana chinali mabotolo okha, kotero kuti chiri chonse chochitika chikadaloza botolo.

Thovu linayamba kuwira. Anawerenga masekondi 20 ndi pakamwa. Atatha, botolo la kumanzere linali monga kale, la pakati monga kale, koma la kumanja, la kabowa kofiira, linasanduka mtundu, ndipo dzina lake linasintha kukhala mankhwala a liwiro. Analimwa, ndipo munthu wake wa m'masewera anathamanga kuzungulira nyumba ngati gwape. Anafuula kufikira alendo pakhonde anatembenuka.

Ngakhale pamenepo sanathamangire. Anazindikira kuti kambulu kamodzi kakwanira mabotolo atatu ngati onse ali m'chofululira nthawi imodzi. Anatunga madzi m'mabotolo atatu, nathira kabowa kofiira, nadikira kufikira onse atakhala Awkward. Atawerenga maina ao kawiri, anatenga kambulu kotsiriza kaja nakaika pamwamba. Ku Lusaka ndi ku Chipata kunali zii. Thovu litaleka, mabotolo onse atatu anali a mtundu wa lalanje, ofanana ndi lija adamwa msuweni, ndipo pa liri lonse panalembedwa kuti mphamvu yake ikhala mphindi 3.

Wa ku Chipata anati mphindi 3 nzochepa kuolokera nyanja yotakata chotero. Mnyamatayo anayang'ana m'buku lake, naona kuti fumbi lofiira ndi fumbi lowala adaziyesa m'madzi mokha, osati m'mankhwala okupsa kale. Anafululanso mankhwala a liwiro, otsika mtengo aja, nayesa fumbi lofiira pa iwo, ndipo mphindi 3 zinasanduka 8. Atatsimikiza chotero anathira fumbilo pa mabotolo a lalanje, nawonso anakhala a mphindi 8. Anagawana botolo limodzi limodzi, namwa pagombe, nalowa m'chiphalaphala onse atatu, nasambira kufikira patsidya. Asanatsegule bokosi lachiwiri m'bwinja muja, magetsi anazima ku Chipata ndipo masewera anathera pomwepo, koma palibe anadandaula. Usiku msuweni anatumiza mau akuti, "Udindo ngwako. Koma bukulo ulisunge."

Madzulo, alendo atapita, mnyamatayo anapeza ambuya ake akutsuka mphika. Anawasimbira zonse, ndipo iwo anamvetsera ngakhale kuti maina a Chingerezi anawapita pambali. Atatha anampatsa chikho cha thobwa limene adamsungira, nati, "Lawa tsono phala lako losakoma lija." Linali lotsekemera, lowawasa pang'ono, lozizira bwino. Pomwa anakumbukira mwambi wakuti mau a akulu akoma akagonera, ndipo anaseka yekha poona kuti thobwa nalonso limatero.

Pamenepo ganizo lina linamdzera. Kafululidwe ka mankhwala a m'masewera kadalembedwa ndi anthu ambiri pa dziko lonse, ndipo sikangatayike. Koma kaphikidwe ka thobwa la ambuya ake, muyeso wao wa ufa ndi chimera, kayesedwe kao ka chala ndi ka kapu, sizinalembedwe pena pali ponse m'nyumbamo. Amake ankagwira ntchito m'tauni ndipo sadaziphunzire bwino. Zonse zinali m'mutu mwa munthu mmodzi wokalamba. Anatsegula buku lake, natembenuza tsamba la mabotolo, nalemba pamwamba pa tsamba latsopano kuti Thobwa la Ambuya. Anakhala pamphasa pafupi ndi mbaula nati, "Ambuya, yambiraninso pa kuviika mawere. Koma munene pang'onopang'ono, ndisadumphe pakati."

Mafunso

1. Kodi ana atatu aja anapangana pangano lotani, ndipo chifukwa ninji?
2. Mnyamatayo anataya bwanji timibulu titatu ta mafuta a moto? Chimene ankasintha poyesa chinali chiani?
3. Fotokozani kaphikidwe ka thobwa mwa dongosolo lake. Chimachitika nchiani chimera chikathiridwa m'phala lowira?
4. Chifukwa ninji anayamba kuyesa ndi shuga, ndiponso chifukwa ninji anaika mabotolo atatu osiyana nthawi imodzi?
5. Kodi kufunsa poyera kusiyana bwanji ndi kusuzumira mobisa?
6. Funsani munthu wamkulu kwanu kapangidwe ka chinthu chimodzi chimene iye adziwa, monga chimera, mphasa kapena mbiya, ndipo mulembe m'buku lanu osadumpha kanthu.